Kasiketi ka Ana a Nsomba

Mukawapatsa a Telala malaya kuti angokugwirirani pang'ono, dziwani kuti muwalandira atatembenuzidwa. Chovala chilichonse chikafika m'manja mwawo ankayamba achitembenuza kuti aone misoko yam'kati, ndipo akapeza ulusi uli lendelende ankapukusa mutu ngati amva uthenga wa maliro. Ankati kunja kwa chovala n'kwa mwini wake, koma m'kati ndi mwa wosoka. Pa ukwati wa mwana wawo weniweni anthu anawapeza akusuzumira m'kati mwa jekete la mkwati, lomwe mwini wake anangolikoleka pampando kuti akavine. Mkwatiyo ndiye mkamwini wa m'nkhani ino, ndipo jekete lake silinakhoze mayeso tsiku limenelo.

Moyo wawo wonse wantchito anauthera m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mawotchi. Munali makina opondera, tebulo lodulirapo lodzaza mizere ya choko, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi matumba a tizidutswa ta nsalu omwe munthu akati awataye ndiye kuti waputa nkhondo. M'menemo anasokeramo mayunifomu a ana asukulu, madiresi a akwati, masuti a anthu okafunsira ntchito, ndipo anafupikitsa mathalauza osawerengeka a amuna amene ankalumbira kuti iwo si aafupi, fakitale ndiyo inalakwitsa. Sanali munthu wa mawu ambiri, chifukwa nthawi zambiri milomo yawo inkakhala itapana mapini. Akazi awo, omwe aliyense pabanjapo amangowatcha amayi, ankauza anthu kuti anakwatiwa ndi mwamuna woyankha ndi mphuno.

Ukalamba suchita odi. Mawondo anayamba kukana chopondera, maso anayamba kuphonya chibowo cha singano, kenaka mwini nyumba yomwe munali kachipindako anaigulitsa kwa anthu ofuna kuigwetsa. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawatenga pamodzi ndi amayi kuti azikakhala nawo m'nyumba yosanja, m'chipinda chakumapeto. Makina anawaika m'kanjira kolowera kuzipinda n'kuwafunditsa nsalu, ndipo pamwamba pake panasanduka poika makiyi. A Telala ankadzuka m'mawa, kuvala bwinobwino, kukoleka tepi m'khosi mwachizolowezi, n'kukhala pampando manja lende. Zinkawawawa kwambiri, koma sankanena.

Mkamwini wawo ndi wokonza zikepe za m'nyumba zazitali, munthu wofatsa, wa girisi wosachoka m'zikhadabo. Iye ndi a Telala ankalemekezana kwambiri mpaka kusowa chokambirana. Akapatsana moni n'kufunsana za mawondo, nkhani yathera pomwepo. Mawu onse amene mkamwiniyo ankasunga ankawathera pa chinthu chimodzi, thanki ya galasi yomwe inatenga khoma lonse la pabalaza, pamalo pomwe anthu ena amaikapo wailesi yakanema.

Simunali madzi wamba. Anali madzi amchere, mchere wake wogula m'matumba, woyeza mosamala ngati mankhwala a wodwala. M'katimo munali miyala yomera zinthu zomwe munthu sungadziwe ngati ndi maluwa kapena nyama, zina zobiriwira mowala, zina zofiirira, zina zokhala ndi timanja tomatsegula n'kutseka tsiku lonse. Nsomba zake zinali za mitundu yomwe a Telala, munthu amene anagwirapo nsalu zamtundumtundu, anali asanaionepo pa mpukutu uliwonse. Komabe poyamba ankakhala moifulatira thankiyo. Mumtima ankati, munthu wamkulu ndi ndevu zake kumaweta ndiwo zosadya.

Chinawasintha maganizo ndi kabati ya pansi pake. Tsiku lina anapeza mkamwini atagwada, mutu uli m'kabatimo, ndipo atasuzumira anaona kuti pansi pa thanki yokongolayo pali thanki inanso, yopanda ulemu: mapaipi, mawaya, pampu yong'ung'udza, thovu lakuda m'kachikho, mchere wouma m'mphepete.

"Apa ndiye m'kati mwa chovala," anatero a Telala, n'kukoka mpando.

Mkamwini anawafotokozera, mawu akumutuluka ngati si iye. Madzi a thanki yapamwamba amasefukira pa timano tonga ta chipeso tomwe tili pakona, n'kutsika ndi paipi mpaka m'thanki yapansi. Kumeneko amayeretsedwa, pampu n'kuwakwezanso. Amazungulira choncho usana ndi usiku, ndipo akaima nthawi yaitali zonse zam'mwamba zija zimafa. Pomwe paipi imalavulira madzi pamakhala kathumba koyera, kotalika ngati mkono wa malaya a mwana, kogwira zinyalala zonse: zotsala za chakudya, ndowe za nsomba, fumbi la miyala. Oweta nsomba amakatcha sokosi, ngakhale palibe phazi lomwe linalowamo.

"Tandipatsani ndiione, apongozi," anatero a Telala.

Anaitembenuza. Msoko wake unali wokhotakhota, wodumphadumpha, ndipo pakona panali kabowo kolowa nsonga ya chala. A Telala anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Iyi mumachita kugula?"

"Ee bambo, komanso imasowa. Wogulitsa amangoti ibwera, ibwera, mwezi n'kutha."

"Amene anasoka ichi, amayi ake akudziwa?"

Madzulo a tsiku lomwelo makiyi anasowa pokhala, makina anavundukulidwa.

Sizinangoyenda ayi. Anayamba ndi sokosi zenizeni, zazitali zopyapyala za amayi, zomwe zinatamuka ndi kulemera kwa madzi mpaka kuphulika. Anayesa thaulo, linathothoka ubweya n'kudetsa thanki yonse. Anayesa nsalu ya pilo, inatsekeka tsiku lomwelo madzi n'kumadutsa pamwamba pake. Ulusi wa thonje unaola ndi mchere. Kawaya komwe anapinda pakamwa pa thumba kanachita dzimbiri, ndipo mkamwini anatuluka thukuta, chifukwa dzimbiri limapha zamoyo zam'menemo. Safunsa anadya phula, ndipo a Telala anaphunzira kufunsa asanadule. Pamapeto pake anakumbukira nsalu ina yoyera yochindikala, yonga bulangete lopyapyala, yomwe kale ankaika m'kati mwa makolala a majasi. Anaiviika m'madzi otentha opanda sopo, anaisoka ndi ulusi wa nayiloni misoko iwiri yogundana, pakamwa pake n'kuikapo mkombero wodula ku chivindikiro cha ndowa ya pulasitiki. Ulusi pa singano ankawalowetsera ndi amayi, ndipo kuponda ankaponda ndi mwendo umodzi wosawawa kwambiri.

Madzi anayera mbee, moti nsomba zinkaoneka ngati zayandama m'malere. Mkamwini ankaitana anzake oweta nsomba kudzaona, ndipo iwo ankachoka atapempha kuti nawonso awasokere. Mpando wa a Telala unatembenuka wokha n'kuyang'ana kuthanki. Iwo sankadzitama ndi zambiri, koma pa ichi anadzitama ndithu.

"Mu sokosi yanga simupyola kanthu," ankatero. "Chalowa, chalowa."

Ntchito yawo inali kusoka basi. Kuchotsa yakuda n'kuika yoyera inali ntchito ya mwini thanki, yemwe ankaisolola mofulumira, nkhope atayang'anitsa kumbali chifukwa cha fungo, n'kuiponya m'ndowa ya mankhwala oyeretsera zovala. A Telala ankadzaziona zitachapidwa kale n'kutsukuluzidwa, zili pachingwe.

Pa nsomba zonse, mkamwini ankakonda ziwiri zazing'ono, kutalika kwake ngati chala chapakati. Zinali zasiliva, za mizere yakuda bii yodutsa thupi, ndi timadontho toyera towazika pa zipsepse ngati wina wakutumula burashi ya penti. Sizinkathamangathamanga ngati zinzake. Zinkangoima pamodzi pakati pa madzi, phee, maso aakulu ali tong'o. Chodabwitsa chake chinali ichi: yaikazi ikaikira mazira, yaimuna imawatola onse n'kuwasunga m'kamwa. Imakhala nawo masabata angapo osalawa kanthu, mpaka mazirawo aswe m'kamwa momwemo, ana n'kukhalabe m'menemo kufikira atalimba.

A Telala atamva izi koyamba anaganiza kuti mkamwini akuwaseweretsa. Koma anadzionera okha chibwano cha nsombayo chitatupa, ikumatafuna pang'onopang'ono potembenuza mazira, chakudya chikuidutsa pamphuno iyo n'kuyang'ana kumbali. Iwo ankadziwa kuvuta kwa kusunga chinthu pakamwa, koma mapini ankawalavula nthawi ya chakudya ikakwana.

Vuto linali lakuti palibe anaonapo mwana ngakhale mmodzi. Kangapo konse yaimunayo inanyamula, inasala kudya, inaonda, kenaka m'mawa wina n'kupezeka kukamwa kuli pululu, m'thanki mopanda chatsopano. Mkamwini ankafufuza pansi pa mwala uliwonse ndi tochi. Pomaliza anavomereza zomwe anamva kwa anzake, kuti njala ikapambana, nsomba zina zimameza ana awo. Mu firiji munali kachitini ka chakudya cha ana a nsomba komwe anagula kalekale ndi chiyembekezo, ndipo kanali kasanatsegulidwe. Amayi ndiwo anaipatsa dzina nsombayo.

"Mfiti ija yadyanso ana," ankatero akamapukuta galasi. "Nkhope yofatsa ngati mlaliki."

Ulendo uno nsombayo itanyamulanso, mkamwini anatumidwa kutali kukaika zikepe m'nyumba yatsopano, ntchito ya masabata. Namwino anali wotanganidwa ndi odwala ake, choncho thanki inatsala m'manja mwa a Telala. Mkamwini anawalangiza ali chiimire, chikwama chili pakhomo.

"Chakudya ndi ichi, pang'ono pokha. Pampu isazime. Sokosi ikada, isololeni muiponye m'ndowa, muike ina. Musavutike n'kuiyang'ana bambo, imanunkha."

"Nanga uyu wa ana m'kamwayu?"

Mkamwini anayang'ana nsombayo kanthawi. "Ameneyo musamuwerengere. Achita zomwe amachita."

Kuuza a Telala kuti asayang'ane m'kati mwa chinthu chosokedwa kuli ngati kuuza mphaka kuti asanunkhize mkaka. Sokosi yoyamba itada anaisolola, ndipo anafuna kuona ngati misoko ikugwirabe. Chifukwa cha mawondo sanafune kudzuka kupita kumpopi, anangotunga madzi a m'thanki yapansi momwemo kuthira m'beseni, n'kutembenuziramo sokosiyo. Kununkha inkanunkhadi. Koma matope abulauni aja atasungunuka m'beseni, anayamba kuyenda. A Telala anavala magalasi awo onse awiri, ena pamwamba pa anzake. Munali tizilombo toyera tothamanga chammbali, tinkhono tochepa kuposa mutu wa pini titasenza tinyumba tawo tozungulira bwinobwino, ndi kanthu kena ka miyendo isanu yopyapyala ngati ulusi, komwe kankadzikoka pansi pa beseni mwendo umodziumodzi. Palibe anatigula timeneti, palibe anatiikamo. Tinangobadwira m'miyala n'kumakhala moyo wawo pabalaza pomwepo, eni nyumba osadziwa. Anakhala pansi beseni lili pamiyendo, tiyi n'kuzizira patebulo, kenaka anatenga supuni ya pulasitiki n'kuyamba kutibwezera m'thanki yapansi kamodzikamodzi.

Amayi anawapeza ali choncho. "Inu abambo, mwayamba kusankhula nyansi?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi. Tabwerani muone nkhono yake."

Kuyambira pamenepo sokosi iliyonse inkadutsa m'beseni isanapite kundowa. N'chifukwa chake m'mawa wina, atatembenuza sokosi mwachizolowezi, anaona zomwe mkamwini ankazifunafuna ndi tochi nthawi yonse ija. Pa nsalu, m'kati mwa matope, panamatirira tinsomba. Tinali tochepa ngati njere ya mpunga, koma chilichonse chinalipo: mizere yakuda ija, maso aakulu aja, tizipsepse totalika, zonse zodulidwa kale bwinobwino, zongochepa saizi. Tiwiri tinali titauma gwa, titapanikizidwa pansalu ndi mphamvu ya madzi ogwa kuchokera pamwamba. Kachitatu, atakakhudzitsa m'madzi a m'beseni, kanagwedeza mchira, kanapendekeka, kenaka kanaima pakati pa madzi, phee, monga bambo wake.

A Telala anaiwala kupuma. Kenaka nzeru zinawabwerera, ndipo zinabwera ndi ululu. Nsomba ija sinadyepo mwana. Ulendo uliwonse inkasala kudya mpaka kumapeto n'kulavula ana ake amoyo. Madzi ankawakokera pa timano ta chipeso tija, paipi n'kuwagwetsera mu sokosi, ndipo mu sokosi ya a Telala simupyola kanthu. Amene sanafe ndi kupanikizika ankafera m'ndowa ya mankhwala. Anayang'ana misoko yawo iwiri yogundana, yowongoka ngati yojambula ndi rula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anachita manyazi ndi ntchito yabwino.

Amayi ataona kansombako anakhala pansi popanda wowauza. Anayang'ana m'beseni, anayang'ana m'thanki, kenaka anadzuka n'kukaima pagalasi manja ali kumbuyo.

"Pepani bambo inu," anaiuza nsombayo. "Takunamizirani nthawi yaitali." Ali pomwepo anasuzumira bwinobwino. "Abambo, tabwerani. Kukamwaku sikunaphwe. Ndikuona timaso."

Zinali zoona. Pakati pa milomo ya nsombayo pankasuzumira timaso tambiri tothithikana. Inali itangotulutsa oyamba okha. Otsalawo akanatha kutuluka nthawi iliyonse, ndipo njira yowadikira inali yomweyo.

Foni ya mkamwini sinkagwira, pakuti munthu wa zikepe amakhalira m'dzenje la konkire. Anamupeza pafoni masana akupuma. A Telala anafotokoza mosazungulira.

"Ndiye kuti ndinkawataya ndekha," anatero mkamwini motsitsa mawu. "Ndi manja angawa."

"Inu munkataya, ine ndinkatchera msampha. Tisalire lero, apongozi. Tandiuzani, ndizimitse pampu?"

"Ayi bambo, zonse zifa."

"Ndichotse sokosi, madzi azingogwa?"

"Akafika ku pampu iwagaya."

"Nanga nditseke timano tija ndi nsalu kuti atsale pamwamba?"

"Pamwamba nsomba zinazo ziwadya, ngakhale mayi wawo yemwe. Kunyanja amathawira pakati pa minga ya kanyama kena kozungulira konga kanungu, koma ine ndilibe." Anausa moyo. "Sindikudziwa bambo. Mwina ndikanakhala pafupi."

A Telala anatsinzina. Pamwamba pali milomo, pansi pali pampu, pakati pali thumba lawo.

"Ndiye agwe ndithu," anatero, "koma agwere pofewa. Madzi anu ada masiku angapo. Mulola?"

"Ade bii, bambo."

Anakhuthula matumba a tizidutswa aja pakati pa balaza. Pansi penipeni panali zotsala za neti yofewa ya mavelo a akwati, za maukwati ena omwe anatha kalekale neti ikadali yolimba. Anaiviika m'madzi otentha mobwerezabwereza kuti sitachi yolimbitsa nsalu ichoke. Sanasoke thumba lopapatiza ngati kale. Anadula mozungulira n'kusoka kasiketi kotambalala, kotseka pansi, kodzaza mbali yonse yomwe madzi amagwerako, n'kukapachika pa mkombero wa beseni lakale la pulasitiki lomwe analidula pansi. Ku paipi anamangirirako mkono wautali wa neti yomweyo, wolowa mpaka pansi pa madzi, kuti madziwo asamagwe ngati mwala koma azitsetsereka n'kumwazikana. Misoko yonse anaitembenuzira kunja kuti m'kati musakhale pokola chipsepse. Munthu amene moyo wake wonse anabisa misoko anasoka chinthu cha misoko poyera, chodutsa fumbi lililonse.

Amayi ankawalowetsera ulusi pa singano. Anadandaula ataona a Telala akumeta tsache lawo latsopano la pulasitiki ndi sizasi yodulira nsalu.

"Tsache limenelo sindinasesereko ngakhale kamodzi."

"N'chifukwa chake ndalisankha. Lakalelo lili ndi sopo."

Anakulunga timiyala ta m'thanki m'kachidutswa ka neti, anamanga ngati kampira kobayapo mapini, n'kubayamo timitengo ta tsachelo mbali zonse. Kanungu kabodzako anakakhazika pakati pa kasiketi. Kansomba ka m'beseni kaja atakatsanulira m'menemo, kanazungulira kamodzi n'kulunjika pakati pa mingayo ngati kanabadwira pomwepo. Palibe anakaphunzitsa, ndipo nyanja sikanaionepo.

Panatsala chakudya. Mkamwini anawauza pafoni kuti atsegule kachitini ka mu firiji kaja. Munali fumbi labulauni, louma ngati khofi wopera. Anati alithire m'botolo la madzi amchere, alowetsemo kapaipi kopemerera mpweya, adikire mpaka mawa. A Telala anachita monga anauzidwa, koma mumtima ankakayika. Fumbi lokhalitsa m'chitini n'kudzuka bwanji? Mawa lake atakweza botolo pawindo, munali mutadzaza timadontho tofiirira, kalikonse kakusambira pakokha. Analiika pansi ndi manja awiri, chifukwa anachita mantha.

Koma m'kasiketi munalibe mlendo watsopano m'mawa umenewo. Nsomba ija inali ikadasunga, itaonda mpaka mutu kuoneka waukulu kuposa thupi. Madzi apamwamba anayamba kuchita mbuu, fumbi likuyandama paliponse, ndipo namwino pobwera kuntchito anafunsa ngati thanki yadwala. Sokosi zoyera zinali pachingwe, zouma, zokonzeka. A Telala anaziyang'ana, anazipinda, n'kuzitsekera m'dirowa kuti manja asawayabwe. Tsiku lonse ankadzuka pampando kukagwira mfundo ya mkono wa neti uja, kubwerera, n'kudzukanso. Ankaopa kuti mfundo imasuka, ankaopa kuti neti ing'ambika, ankaopanso kuti mwina ulendo uno njala ipambana ndithu.

Kutacha tsiku linalo, asanasambe n'komwe, anakayang'ana m'thanki yapamwamba. Chibwano cha nsomba chinali chitaphwa. Inaima pakona yokhayokha, ikutsegula ndi kutseka kukamwa kopanda kanthu. A Telala anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenaka linalo, n'kutsegula kabati. Poyamba sanaone kanthu, chifukwa maso awo ndi mdima wa m'kabati zinagwirizana. Amayi anabweretsa tochi.

Pakati pa timitengo ta tsache panali gulu. Tinaima mothithikana, mitu yonse italoza kumene madzi akuchokera, tizipsepse tikunjenjemera, kalikonse ndi mizere yake yathunthu. Kamodzi kanali katafa, kali gone pansi pa neti, ndipo a Telala anakachotsa ndi supuni. Tina tonse tinali tamoyo. Anadontheza madzi a m'botolo lija, timadontho tofiirira tinamwazikana, ndipo kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenaka kamodzi kanatuluka pakati pa minga, kanatsegula kakamwa kosaoneka n'komwe, n'kutola. Kena kanatsatira. Posakhalitsa timimba tinayamba kufiira, chakudya chikuonekera kunja.

A Telala anasokapo zovala za makanda obadwa masiku asanakwane, ndipo ankayesa kuti ntchito yaing'ono amaidziwa. Apa anangogwira pakamwa. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sanaibise. Pamwamba pawo nsomba yaimuna inali ikudya koyamba, kachidutswa kamodzikamodzi, amayi akuichenjeza kuti isafulumire ingatsamwidwe.

Mkamwini anabwera ntchito itatha, chikwama chili kumsana, nsapato zantchito osavula. Anapereka moni watheka, anadutsa thanki yake yambuu osaiyang'ana n'komwe, n'kugwada pakabati. A Telala anagwada pambali pake atagwira tochi. Anakhala choncho nthawi yaitali, mapewa atagundana, pampu ikung'ung'udza. Tinsomba tinali titakulako, ndipo pa zipsepse za tina panali patayamba kuoneka timadontho toyera. Mkamwini anayesa kutiwerenga, anasokoneza, anayambiranso, kenaka anasiya n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Pambuyo pake anakhudza mphepete mwa neti ndi chala. "Bambo, awa akula msanga. Kasiketika kawachepera posachedwa. Nanga tidzatani?"

A Telala anawalitsa tochi pa msoko wa m'mbali, pomwe neti yambiri inali itapindidwa n'kugwidwa ndi ulusi wotalikirana, wosavuta kusolola.

"Za ana sitisoka zothina, apongozi," anatero. "Ndasiya nsalu m'mbali. Akamakula tizimasula."